Mwalembetsa mwana, nanga inuyo mwalembetsa?

Loweruka lina mu Meyi, mwera utayamba kale kuwomba, ndinali pa bwalo la sukulu ina ya pulayimale cha kwa Maganga ku Salima kuno. Linali tsiku lolembetsa ana mu pulogalamu ya alangizi a achinyamata. Anaika matebulo awiri pansi pa mtengo wa mango, loyamba lolembetsa ana, lachiwiri la akuluakulu ofuna kudzipereka kuti akhale alangizi a anawo. Mzere wa tebulo loyamba unakafika mpaka ku mjigo, azimayi ana ali kumsana, azigogo ndi zidzukulu zawo, abambo angapo atatsamira njinga. Tebulo lachiwiri, eee, mtsikana amene anamuika pamenepo anachita kuwodzera cholembera chili m'manja. Pofika 12 koloko ana olembedwa anali atapitirira 80, ife odzipereka tinali anthu sikisi, ndipo mwa sikisiwo mwamuna ndinali ndekha.

Ndinakhala pafupi nde mafunso onse ndimawamva. Kholo likafika pa tebulo loyamba funso linali lomwelomwelo, "Kodi muziwalipiliranso fizi? Nanga yunifolomu mupereka?" Ochepa amene anasuzumira ku tebulo lachiwiri nawonso anali ndi lawo, "Alawansi yake ndi zingati?" Akamva kuti kulibe amangoti ooh chabwino tibweranso, basi ulendo. Sindinamve kholo olo limodzi likufunsa kuti kodi mwana wangayu azikhala ndi ndani, munthuyo ndi wotani, azikumanirana kuti.

Nde maganizo anga ndi awa, ena akwiya nawo koma ndinenabe. Munthu wamkulu amene wabwera kudzalembetsa mwana wake kuti wina azimulangiza, ngati miyendo ikuyenda komanso mutu ukugwira, asachoke pabwalopo asanafike pa tebulo lachiwiri lija. Wapereka wako, tengako wa mnzako. Ndikanakhala kuti ndine woyendetsa mapulogalamu amenewa ndikanazilemba pa fomu pomwepo kuti kholo lisankhe, kaya litenga ana awiri atatu kumawaona Loweruka, kaya lizibwera kudzakhala pambali ana akamakumana ndi alangizi awo, kaya lipereka khonde lake kuti azikumanirapo. Masamu ake sakuvuta. Ana 80 kugawa kwa anthu sikisi, aliyense ana oposa 13, imeneyotu ndi kalasi inanso basi, chonsecho anawa akuchokera kale m'makalasi momwe mphunzitsi mmodzi ali ndi gulu loti sadziwa n'komwe kuti lero wajomba ndani.

Achinyamata a m'mabungwe amakonda kuzitchula pachizungu kuti mentorship, ngati ndi chinthu choti chabwera pa ndege. Ine ndinakhala nacho chinthuchi ndisanalimve n'komwe dzinalo. Ndinakulira ku Chipoka, nthawi imene sitima yapamtunda inali ikuyendabe komanso Ilala ikukocheza padoko paja. Mu 1994 boma la a Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ndinali Sitandade 5, ana m'sukulu za dziko lino anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, ife tinaziona ndi maso, makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo ndipo ukathawa palibe amaona. Bambo anga anali atamwalira, mayi amakhalira kumunda ndi kugulitsa zitumbuwa. Amene anandigwira anali telala wina wa pakhonde la golosale, mkulu wosayankhulayankhula, makina ake a Singer, tepi ili m'khosi. Sanali m'bale wathu. Tsiku lina anangondiitana kuti ndimuthandize kusoka mabatani, kenako anati Lachisanu lililonse ndizibwera ndi makope anga. Chizungu samachiwerenga bwino mkuluyo, koma amadziwa kuwerenga madeti ndi kuona pomwe aphunzitsi achonga. Akaona kuti Lachiwiri ndi Lachitatu palibe chalembedwa amangondiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti, "Unali kukoka khoka eti?" Sanandimenyepo, sanandipatsepo ndi tambala yomwe kupatula tiyi ndi chinangwa. Koma zaka folo zonse Lachisanu lililonse anali pakhonde pomwe paja, ndipo ine ndimachita manyazi kupita ndi kope lopanda kanthu. Ndinafika Fomu 4 chifukwa cha manyazi amenewo. Lero ndili ndi ka shopu kokonza njinga zamoto ku Kamuzu Road, sikuti ndalemera, koma ana anga akudya.

Ndi zimenezo basi zomwe anthu sikisi ife tinalembera. Kumakhalapo, tsiku lomwe unanena, pamalo pomwe unanena.

Ndipo kuno ku Salima tikuzifuna kuposa mmene tikuganizira, chifukwa tili ndi sukulu ina yaikulu imene silembetsa ndi fomu, nyanja. Kamnyamata ka zaka 12 kapena 13 ka ku Senga Bay, ku Lifuwu, ku Ngodzi, kakangopita ku kauni, usodzi wa usiku wa nyali uja, usiku umodzi, kuthandiza alovi, antchito a m'bwato, kukoka ukonde wa chilimira, kapena kungonyamula mabeseni a usipa kupititsa pa thandala, m'mawa kali ndi ndalama m'thumba imene bambo ake olima chimanga saigwira pa sabata. Nde mukauze kameneko kuti kakakhale pansi pa mtengo kuloweza matebulo a masamu kali ndi njala. Kazipita masiku awiri pa sabata, kenako tsiku limodzi, kenako usipa ukagwa bwino mwezi wonse osaoneka, pofika Sitandade 6 kapena 7 nkhani yatha. Ndalamayo kumene ikupita tonse tikukudziwa, mavidiyo sho, pool, kachasu, chamba, ndipo masiku ano kubetcha pa foni, tiana tating'ono tikudziwa matimu a ku Ulaya ndi ma odi ake kuposa mayina a maboma a dziko lawo lomwe. Atsikana nawo nkhani yake pa gombe si yachinsinsi, nsomba ikavuta kupeza, wina wa bwato amati ndikusungira beseni koma ubwere madzulo. Aliyense wa m'mbali mwa nyanja akuzidziwa zimenezi, timangosankha nthawi yozikamba.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthu amenewa anali osakwana zaka 18. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 uja anati atsikana 42 pa 100 aliwonse amakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Malamulo tinakonza, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, mu 2017 aphungu anasinthanso malamulo oyendetsera dziko kuti pasakhalenso kampata kakuti makolo avomereza. Koma sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid, miyezi yochepa chabe boma linapeza mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Lamulo linalipo nthawi yonseyo. Chimene chinasowa ndi munthu wamkulu woti mwana azionana naye sukulu itatseka, woti afunse kuti kodi iwe masiku ano foni imeneyi wakugulira ndani.

Apa ndiyankhule ndi azibambo anzanga, chifukwa manyazi a tsiku lija sanandichokebe. Atsikana bola ali ndi poyambira. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi mother group, azimayi aja amayenda khomo ndi khomo kusaka mwana amene wasiya sukulu, amasoka mapadi, amakambirana ndi makolo, ndipo ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere ku sukulu ilipo kuyambira 1993. Sizokwanira koma zilipo, ndipo akugwira ntchitoyo ndi azimayi, ambiri mwaulere. Nanga anyamata akuwayendera ndani? Mnyamata wa zaka 14 sangakhale pansi kuuza mayi wa mother group zomwe zikumuchitikira m'thupi ndi m'mutu, sizingatheke. Akufuna mwamuna mnzake wamkulu. Azibambofe tili pa bawo, tili ku mpira, tili pa siteji ya kabaza kukamba za ndale, kenako tikamva kuti kamnyamata kapereka mimba kapena kaba batire la sola timati ana a masiku ano. Mimba 40,000 zija sizinabwere ndi mphepo ya mwera, ndipo zina mwa izo eni ake ndi azibambo akuluakulu omwe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chomwe chimandipweteka ndi choti amuna a kunyanja kuno mwambo timautha tikafuna. Taonani ku chilumba cha Mbenje kwa Gogo Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 asodzi kumeneko amatsatira malamulo a mfumu, chilumba chimatsekedwa mu Disembala nkudzatsegulidwa mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo ukakhala pachilumbapo mowa ayi, chamba ayi, juga ayi. Anthu amachoka kutali kudzaphunzira mmene zimayendera. Amene amasunga malamulo amenewo ndi azibambo wamba, asodzi, akuyang'anira anyamata anzawo. Nde ngati tikutha kudikira miyezi inayi kuti utaka ukule, tikulephera bwanji maola awiri Loweruka kuti kamnyamata ka pakhomo loyandikana nafe kakule?

Tsopano nkhani ya alawansi, poti ndi pamene pagona nkhani. Sindikufuna kunamizira kuti amene amafunsa funso limeneli ndi adyera onse. Zinthu zavuta abale. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza, sopo, mafuta ophikira, chilichonse chinakwera ndipo sichinatsikenso. Munthu wa kabaza akasiya siteji maola atatu Loweruka, tsiku la msika, ndi ndiwo za ana ake zimene wataya. Mayi wa dimba akasiya kuthirira tomato wake afota. Ine ndemwe ndikatseka shopu, njinga ziwiri zitatu zimapita kwa mnzanga wa tsidya la msewu. Nde amene amati kudzipereka ndi kwa anthu okhuta, ndimamumvetsa, sakunama kwenikweni.

Koma tinene chilungamo, matenda a alawansiwa sanayambe ndi kugwa kwa kwacha, ndipo ife a ku Salima tinawatengera pafupi. Boma lathu la Salima lino ndi likulu la mawekishopu. Sabata iliyonse magalimoto akuluakulu akutsika msewu wa Lilongwe, kudutsa pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay, anthu kukakhala m'mahotela masiku atatu kukambirana za umphawi wa ana a kumudzi kuli ma air con, kusaina, kugula chambo, kubwerera. Takula tikuziona. Mabungwe nawo anatizoloweza kuti msonkhano uliwonse pali Fanta, banzi, tisheti ndi ka envelopu ka transipoti olo wabwera wapansi kuchokera kuseri kwa sukulu komweko. Mapeto ake munthu sangapite ndi ku msonkhano wokonza mjigo wa m'mudzi mwake momwe popanda kusaina. Nde pulogalamu ya alangizi ikabwera, anthu amaiona ngati ganyu, ndipo amene amalowa chifukwa cha ka envelopu amatha limodzi ndi ka envelopuko. Ndaonapo magulu a achinyamata amene anali moto, ng'oma, masewero, matisheti ofanana, pulojekiti itangotha zaka zake zitatu ndi chikwangwani chokha chinatsala pamsewu, dzimbiri.

Ine ndimati pakati pake pali njira. Ngati bungwe laitana mlangizi ku tireningi ku boma, limubwezere transipoti yake ndi chakudya, zimenezo ndi zoyenera, munthu asachite kugulitsa nkhuku kuti akaphunzire kuthandiza ana a eni. Koma ntchito yeniyeniyo ikhale ya pafupi, mlangizi ndi mwana akhale a mudzi umodzi kapena midzi yoyandikana, poti afike wapansi. Ndipo sikuti nthawi zonse uzichita kusiya ntchito yako, mwana akhoza kukupeza pa ntchito pomwepo. Telala wanga uja sanaimitsepo makina chifukwa cha ine, amayankhula phazi likupalasa. Anyamata anga amandipeza ku shopu, wina wagwira sipanala, wina akutsuka kabureta, nkhani za kusukulu zikuyenda, ndipo ndaona kuti mnyamata amamasuka bwino manja ali bize kusiyana ndi kumukhazika pa mpando maso ndi maso ngati ali ku polisi.

Pali chinthu chimodzi chokha chomwe ndimauza aliyense wofuna kulemba dzina pa tebulo lija, ngati ukudziwa kuti usiyira panjira bola osayamba. Izi ndikunena chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Mwa anyamata amene anandipatsa munali kena ka zaka 14, bambo ake anapita ku Joni kali ndi zaka sikisi, poyamba amatumiza ndalama ndi mabulangete, kenako foni inasiya kugwira. Kamnyamata kanzeru koma kosakhulupirira munthu, miyezi iwiri yoyambirira kamangoyankha kuti eya, ayi, kaya. Mwezi wachitatu kanayamba kumasuka, mpaka kanandionetsa lipoti lake kosafunsidwa. Nde mu Disembala ntchito inachuluka, kenako maliro kumudzi, kenako ulesi chabe ndisaname, ndinajomba ma Loweruka atatu otsatizana osatumiza ndi uthenga womwe. Anzake anandiuza kuti awiri oyambawo kanabwera nkukhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Lachitatu sikanabwere. Ndinakakapeza ku gombe mu Januwale kakuyanika usipa, sukulu zitatsegulira kale. Ndinayamba kupepesa, iko kanangoseka nkuti, "Palibe vuto ankolo, ndinangodziwa kuti pulojekiti yatha." Kananena mopanda mkwiyo ngati kakunena kuti kunja kwacha. Zinanditengera mpaka Isitala kuti kabwerere ku shopu, ndipo teremu imeneyo inapita padera.

Mwana amene bambo ake anamusiya kale, iwe ukabwera nkumuzoloweza kenako nkusowa, wamupweteka kuposa ukanangomusiya mmene analiri. Nchifukwa chake oyendetsa mapulogalamuwa asamangosangalala ndi kuchuluka kwa mayina pa lipoti lopita kwa opereka ndalama. Amufunse munthu mwachindunji kuti kodi chaka chathunthu mukwanitsa, nanga nthawi ya dzinja mukakhala kumunda muzitani, nanga mukadwala mwana amuuza ndani. Bola alangizi folo okhazikika kusiyana ndi twente a tisheti.

Tibwerere kwa makolo a tebulo loyamba. Inu amene munasaina fomu osaiwerenga, ena kudinda chala, mwapereka mwana wanu kwa munthu woti simukumudziwa ndi dzina lomwe. Mbuzi yanu simungaipereke choncho. Ndikunena izi ngakhale ineyo ndili mmodzi wa alangiziwo, chifukwa ndikudziwa kuti si onse obwera ndi nkhope yachifundo amene ali ndi mtima wabwino, ndipo munthu wofuna kuononga ana amasaka malo ngati amenewa kumene, poti ana alipo ambiri komanso makolo akumuthokoza. Funsani. Mlangiziyu wamusankha ndani, amfumu akumudziwa, ku mpingo kapena ku mzikiti kwake akuti chani za iye, ali nayo kalata yochokera ku polisi? Kukumana kukhale poyera, pakhonde, pabwalo la sukulu, pa shopu chitseko chili chotsegula, masana, osati m'chipinda, osati ku loji, osati tiye undiperekeze ku Lilongwe. Mtsikana akhale ndi mlangizi wamkazi, pamenepa ine sindinyengerera, olo bamboyo akhale m'busa kapena shehe. Mukaona mlangizi wayamba kupatsa mwana mmodzi yekha timphatso, foni, mayunitsi, ndalama ya mafuta odzola, nkumamuuza kuti usakanene kunyumba, musadikire umboni wina. Nambala ya 116 ndi yaulere pa foni iliyonse, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, m'madera mwathu muli alangizi oteteza ana a ku ofesi ya Social Welfare, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo. Mlangizi wabwino sakwiya mukamufunsa mafunso amenewa. Ine mayi wina anabwera ku shopu osanena, anakhala pa thayala maola awiri akungoonerera zomwe timachita ndi mwana wake, ndipo ndi kholo lokhalo limene ndinalilemekeza kwambiri chaka chimenecho.

Mwaonatu kuti ngakhale nkhani ya chitetezoyi ikubwerera pomwe paja. Makolo akakhala kuti nawonso ali mkati, wina ndi mlangizi, wina amabwera kudzakhala pambali, maso amachuluka ndipo wa maganizo oipa amasowa mpata. Pulogalamu yomwe makolo amangotula ana ngati matumba a chimanga ku chigayo nkumapita ndi imene imabisa afisi.

Ena amati ife tili ndi zathu kale, anankungwi alipo, kudambwe kulipo, jando ndi nsondo zilipo kwa anzathu achiyawo a m'mbali mwa nyanja, madrasa, Sande sukulu, komanso mwana ali ndi amalume ake, nde za mabungwezi ndi zachani. Mfundo imeneyi ndimailemekeza chifukwa ndi yoona mbali ina, makolo athu sanasiye mwana kuti akule yekha, ndipo kwa ife Achewa mwini mbumba anali ndi udindo weniweni pa ana a mlongo wake. Koma tiyeni tione mmene zilili lero. Chinamwali ndi cha masabata ochepa pa holide, mwana akatuluka amene anamulangiza uja sadzamufunsanso mu Okutobala kuti mayeso akuyenda bwanji. Amalume ambiri ali ku Joni, ku Lilongwe, kapena ali pompano koma akulimbana ndi ana awo asanu ndi awiri. Sindikuti tisiye zathuzo, ayi. Ndikuti anankungwi omwewo, ashehe, akulu a mpingo, atsogoleri a dambwe, ndi amene akanayenera kukhala oyamba pa tebulo lachiwiri lija, poti luso loyankhula ndi ana ali nalo kale ndipo midzi imawakhulupirira. Pulogalamu imene yabwera nkuwadumpha anthu amenewa nkumangotenga achinyamata a MSCE odziwa chizungu, imeneyo sikhalitsa. Pa nkhani ya chipembedzo, poti kuno tasakanikirana Asilamu ndi Akhristu ndipo makolo ena amaopa kuti mwana akamutembenuza, funsani poyera tsiku lolembetsa lomwelo, ndipo mlangizi amene akufuna nkhosa za mpingo wake akazisake kwina.

Palinso oti ine sindinapite patali ndi sukulu nde ndikamuuza chani mwana wa Fomu 2. Telala wanga analekezera Sitandade 4. Mwa anthu sikisi tinalembetsa tsiku lija, amene ana amamukonda kwambiri ndi gogo wina wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu pa msika, sadziwa kulemba dzina lake, koma atsikana ake atatu onse akadali pa sukulu ndipo mmodzi anasankhidwa kupita ku CDSS chaka chatha. Amawaphunzitsa kuyeza mpunga, kusunga ndalama ku banki mkhonde, ndi kuyankha mwamuna amene wakuimitsa panjira. Masamu a Fomu 2 ali ndi aphunzitsi ake. Msodzi amene anasiya sukulu ali Sitandade 5 ndipo lero ali ndi zaka 45 msana ukupweteka alibe ndi bwato lake lomwe, ameneyo akhoza kumuuza mnyamata zoona za kauni kuposa ofisala aliyense wochokera ku Capital Hill. Ndipo inu aphunzitsi opuma, manesi, asilikali opuma amene mwadzaza Salima yense chifukwa cha sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi Parachute Battalion, alangizi a zaulimi, ophunzira a ku Salima Technical College, inu nde mulibe ndi chonamizira chomwe.

Za fizi ndi yunifolomu zija, ndikumvetsa chifukwa chake makolo amafunsa, umphawi ndi weniweni ndipo mwana sangaphunzire ndi malangizo okha m'mimba muli gwaa. Koma mukalembetsa mwana ndi chiyembekezo cha bursary, mwezi wachiwiri mukaona kuti palibe chabwera mumuuza kuti asiye zopanda phinduzo apite kukagulitsa mandasi, ndipo ndaziona zikuchitika kwa ana angapo a m'gulu lathu. Oyendetsa pulogalamu anene zoona tsiku loyamba lomwelo kuti kuno kulibe ndalama, ofuna thandizo la fizi awalozere ku ofesi ya Social Welfare kapena kwa a komiti ya sukulu. Mzere ufupika, inde, koma otsalawo akhala odziwa chomwe abwerera.

Pa anthu sikisi aja awiri anasiya chaka chisanathe, mmodzi anakwatiwa ku Nkhotakota, wina anangosowa. Tatsala folo. Anyamata onse amene analembetsa nkukhalabe mpaka pano anawaunjika kwa ine poti mwamuna ndili ndekha, alipo naini, kuphatikizapo kamnyamata koyanika usipa kaja, kamene pano kali Sitandade 8 ndipo kakudziwa kumasula injini ya njinga yamoto ya Lifo kuposa anyamata ena amene ndimawalipira. Ndawauza a komiti kuti chaka chino tikamalembetsanso matebulo aja tiwasinthanitse, munthu aziyamba wadutsa pa la alangizi asanafike pa la ana, aone yekha mizere yopanda mayina pa pepalalo. Ena akuti tithawitsa makolo. Mwina. Koma Loweruka likubwerali anyamata naini abwera ku shopu 2 koloko, benchi langa limakwana anthu folo, ndipo masipanala a saizi 10 ndili nawo awiri okha.